Akumbe Yekha

Kelvin anabwera pakoleji pathu thupi lokha, mtima unatsala kumsewu. Anali wosakhazikika ngati nkhuku yofuna poikira: akakhala pabenchi mwendo uli njenjenje, akaimirira maso ali kugeti. Sekondale anaisiyira panjira. Kushopu yowotcherera zitsulo ku Boma sanatheko ndi mwezi womwe, kenaka n'kumakazungulira mathiraki paboda, kuthandiza kusintha matayala, mpaka mayi ake anatopa naye. Anam'bweretsa okha, n'kunena pamaso pathu tonse kuti, "Kuno ndiye komaliza. Akakuchotsa kuno usadzandipeze, ine ndasamba m'manja."

Ine ndine Tawina, wa kwa Mlonyeni, mtsikana yekhayo m'kalasi yokonza njinga zamoto. Anandiika benchi imodzi ndi Kelvin, bokosi la masipana limodzi, ndipo sabata yoyamba yomweyo ndinadana naye. Kenaka ndinasiya kudana naye, ndipo zimenezo ndiye zinandikwiyitsa koposa.

Koleji yathu ndi yaing'ono moti ukaitchula kuti koleji anthu a ku Lilongwe amaseka. Ndi midadada iwiri ya njerwa zootcha ndi shedi ya malata, pakati pa midzi ya kwa Zulu. Timaphunzirapo a zomangamanga, a ukalipentala, a zosoka ndi ife a manja a girizi. Hositelo kulibe. Timagona m'nyumba za anthu a m'mudzi, timamwa pamjigo pawo, ndipo pomwe pakhala koleji panali munda wawo wa fodya. Tsono pali lamulo lomwe palibe analilemba: m'mudzi mukagwa zovuta, belu sililira. A ukalipentala amakhoma bokosi, anyamata ena amakathandiza adzukulu kukumba manda, ife atsikana timapita kumadzi ndi kunkhuni. Maliro n'kulirana. Kelvin yekha ndiye ankati akamva za maliro mutu unkayamba kumuwawa pomwepo, ndipo unkakapolera ku Kamwendo, patebulo la pulu.

Mushedi munali njinga yamoto yakufa kalekale, yomwe a Lenard, aphunzitsi athu amenenso ndi mkulu wa koleji, ankatiphunzitsira ziwalo za injini. Kelvin analumbira kuti aidzutsa. Anzathu akamapuma iye ali pansi pake, kutsuka kabuleta, kupala pulagi, kulankhula nayo ngati mkazi wokana. Ndimuyamikire apa: manja ake ndi anzeru, ndi mutu wokha womwe umathamanga.

Tsiku lina mu Okutobala, m'mawa dzuwa litayamba kale kuluma, njinga ija inalira. Inalibe sailensa, ndiye phokoso lake linali ngati chigayo chalusa. Inalinso ndi vuto lina: ukangochepetsa moto inkazima. Ndinamuuza kuti adikire a Lenard, koma ndani? Anaikwera n'kutuluka nayo pageti, fumbi lili koboo, ife n'kumaimva ikulowera kumudzi.

Nthawi imeneyo uthenga unali usanafike pakoleji kuti a Mateyo, mlimi wa fodya amene munda wawo unachita malire ndi mpanda wathu, atisiya m'bandakucha. Anthu anali atayamba kusonkhana pasiwa, ndipo masamba anali atayalidwa kale pamsewu. Mwana aliyense amadziwa za masamba amenewo. Wapanjinga amatsika n'kumaikankha, wachipewa amavula, ngakhale galimoto ya abwana imakwawa. Kelvin anawaona masambawo, n'kuwapondaponda moto uli wonse. Amayi osenza madzi anadumphira m'ngalande, nyimbo inadukira pakati, fumbi linakuta anthu amene anakhala pansi. Namfedwa, aNajere, mkazi wa a Mateyo, omwe anzawo ankawatulutsa kuti apume mphepo, anadzidzimuka n'kugwa. Kelvin anazungulira njira ya kuminda, njinga n'kuitaya kuseri kwa shedi, mwini wake n'kusowa.

Sipanapite nthawi tinaona Maliko, mkulu wa adzukulu, akulowa pageti khasu lili paphewa. Masiku onse Maliko ndi wakabaza wanthabwala, koma tsiku limenelo nkhope inali ya munthu wina. Anaika khasu lija pakhomo pa ofesi, mosaliponya, ndipo kufatsa kwakeko n'komwe kunandiopsa.

"Aphunzitsi," iye anatero, "ife makasu taika pansi. Mnyamata wanu wa njinga uja abwere akumbe yekha. Wina wa pakoleji pano akangogwira khasu kumuthandiza, tikwirira pomwe wakumbapo. Akapanda kubwera, a Mateyo agona m'nyumba ndi dzuwa limeneli, ndipo inu muona kokatunga madzi ndi kogoneka ana anuwa."

Ndi adzukulu sulimbana nawo. Ngakhale abusa amawalankhula chipewa chili m'manja, poti aliyense tsiku lina adzawafuna. A Lenard anapepesa, anapepesanso, Maliko n'kungotembenuka kumapita. Kenaka aphunzitsi anatiyang'ana ife.

"Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu," iwo anatero. "Dzuwa likafika pamutu Kelvin asanagwire khasu ilo, pano si pakenso. Sinditaya koleji chifukwa cha mwana mmodzi. Akudziwa komwe ali ndani?"

Onse anayang'ana ine. Zinandinyansa kuti akundiyang'ana, koma komwe anali ndinkakudziwadi.

Ndinakwera kabaza wa ku Kamwendo. Linali tsiku lamsika, anthu ali piringupiringu, makondakitala akukanganirana akatundu a amayi opita kuboda. Ndinamupeza pakhonde pa golosale ina m'mbali mwa tala, chikwama chili pamiyendo, foni akuisinthasintha m'manja. Atandiona anayesa kumwetulira koma nkhope inakana.

"Wabwera kudzandiseka?" anafunsa.

"Ndabwera kudzaona nkhope ya munthu wogwetsa namfedwa m'fumbi."

"Iwe Tawina, mvera. Paboda masamba pamsewu ni thiraki yafa kutsogolo. Ine nenze naganiza ati mwina ni thiraki, mwandi."

Kelvin akayamba kunama amalankhula Chinyanja cha ku Chipata, zimenezo ndinazidziwa kalekale.

"Thiraki pamsewu wa ngolo? Thiraki yovala zitenje, yoimba nyimbo za maliro? Usandiyese mwana, Kelvin."

Anagwetsa nkhope. Mwendo uja unali njenjenje ngati kale.

"Njinga ikanazima," anatero motsitsa. "Ndikanachepetsa moto ikanazima pamaso pa anthu onse aja. Ndinati ndingodutsa msanga, ndisawasokoneze nthawi yaitali."

Ndinamuuza mawu a Maliko ndi a aphunzitsi, osachotsapo kanthu. Anaseka kuseka kouma, n'kundiuza kuti zatheka kale. Amalume ake a Levi, dalaivala wa thiraki, anali atanyamuka ku Lilongwe ndi katundu wa ku Lusaka, ndipo ankafuna wowathandiza panjira. Anati akayandikira amuimbira, ndipo akapanda kuyankha iwo saima.

"Nanga mayi ako?"

"Anazolowera."

"Nanga a Mateyo awolere m'nyumba chifukwa cha iwe? Nanga ife tikagone kuti?"

"Akwiya lero, mawa aiwala. Ine khasu sindinaligwirepo, Tawina. Ukufuna mudzi wonse ukandionerere ngati nyani?"

Mawu anandithera, ndipo ine mawu akandithera manja ndiwo amalankhula. Ndinamutsomphola foni ija, n'kuilowetsa m'bulauzi momwe sakanayerekeza kuitsata, n'kuthamangira kabaza amene anandibweretsa.

"Tchovani, achimwene, tchovani!"

Kumbuyo ndinkamva Kelvin akukuwa kuti wakuba, anthu amumsika n'kumaseka poona kuti ndi za achinyamata. Nditacheuka tili panjira yafumbi ndinaona kabaza wina akutitsatira, Kelvin ali pakaliyala, akuloza ndi chala ngati wapolisi.

Tinafika pamasamba paja pafupifupi limodzi. Wakabaza wanga anatsika, wake anatsikanso, ndipo Kelvin anapezeka waima pakati pamsewu maso a mudzi wonse ali pa iye. Nyimbo inapitirira, koma motsika. Pobwerera panalibe. Maliko anadzuka pomwe anakhala, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Vula nsapatozo," anatero. "Tiye."

Manda a mudziwo ali m'kankhalango, chakumunsi kwa mjigo. Ife akazi nthawi yokumba sitilowamo, timathera m'mphepete ndi ndowa zathu, koma mitengo inali itayoyola masamba ndipo zonse zinkaoneka. Maliko analemba malire a dzenje ndi bango, n'kuloza khasu ndi piki. Adzukulu anakhala pamthunzi miyendo atatambasula. Anyamata a pakoleji anaima chapatali ndi a Lenard, manja ali kumbuyo ngati akaidi.

Amene sanakumbepo nthaka ya kwa Zulu mu Okutobala asanene kanthu. Khasu linkangodumpha n'kumalira ngati lagunda chitsulo. Kelvin ankaligwira ngati sipana, pafupi ndi mutu, ndipo adzukulu ankamuphunzitsa ndi chipongwe.

"Ukuikanda kapena ukuikumba?"

"Ipatse moto, amwene, ngati m'mawa muja!"

Kelvin anapitiriza kukumba. Anavula malaya, anatenga piki, anabwerera kukhasu. Dzuwa linadutsa pamutu dzenje lisanafike ndi m'akakolo momwe. Matuza anatuluka, anaphulika, mpini n'kuyamba kufiira. Kawirikawiri ankaima n'kuyang'ana kumene kuli msewu. Ndinadziwa kuti dzenje limenelo yekha salimaliza, ngakhale atakumba mpaka mawa. Adzukulu nawo ankadziwa, koma mawu anali atatuluka kale ndipo panalibe wofuna kuwameza.

Tili pamjigo, Luwiza wa zosoka, mtsikana amene mawu ake timawamva mwa apo ndi apo, anangoti, "Kwathu tikamakumba chimbudzi m'chilimwe timayamba tathira madzi." Anasenza ndowa yake, n'kukaipereka kwa mnyamata wina wa ukalipentala m'mphepete muja. Mnyamatayo anayang'ana a Lenard, a Lenard anayang'ana kumwamba ngati sakuona, ndipo iye anapita n'kukakhuthula madzi onse m'dzenje.

"Iwe!" mdzukulu wina anadzuka. "Tinati chiyani?"

"Munati khasu, akuluakulu," a Lenard anayankha mwaulemu wonse. "Za ndowa simunanene. Koma mukaletsa tisiya."

Onse anayang'ana Maliko. Maliko anathyola kaudzu n'kuyamba kutokosa m'mano, maso ali kwina.

Basitu zinayambira pomwepo. Tinandandalika kuchokera pamjigo mpaka kumanda, ndowa n'kumayenda dzanja ndi dzanja. A zomangamanga anathamangira kukoleji n'kubwera ndi mawilibala odzaza zigubu. Ine ndinapopa mpaka mapewa anachita dzanzi, Luwiza n'kundilandira. Amayi a m'mudzi amene ankatunga madzi ophikira pasiwa anayamba ationerera milomo atakweza, kenaka mmodzi anasuntha ndowa yake kuti titsogole, kenaka winanso anangolowa pamzere osalankhula. Madzi ankathiridwa, Kelvin n'kudikira kuti alowe pansi, n'kukumba matope ofiira, n'kufikanso pouma, ife n'kuthiranso. Dzenje linafika m'mawondo. Iye anali matope okhaokha, maso okha akuyera.

Ndili m'mphepete muja ndi ndowa pamutu, foni inayamba kulira m'bulauzi mwanga.

Ndinatula ndowa. Pagalasi panalembedwa dzina la amalume ake. Ndinene zoona, ndinkafuna kuiponya m'madzi momwemo. Ndinkaopa kuti apita, ndipo sindinkafuna kuti apite, osati chifukwa cha koleji yokha ayi. Kungoisiya ilire mpaka itope, thiraki ikanadutsa pa Kamwendo, nkhani n'kutha. Koma munthu ndinali nditam'bweretsa ndi umbava, ndipo mbuzi yokokedwa ndi chingwe imadikira tsiku lomwe chingwe chidzaduke. Inasiya kulira, n'kuyambanso.

"Kelvin!" ndinakuwa. "Amalume ako!"

Foni inayenda ngati ndowa zija, dzanja ndi dzanja, mpaka inafika m'dzenje. Kumanda kunangoti zii, nyenje zokha zikulira m'mitengo. Kelvin anapukuta dzanja pathalauzi, anaiyang'ana kanthawi, n'kuyang'ana kumsewu, n'kuyang'ana mzere wathu wonse mpaka kumjigo. Ine ndinagwira mtengo.

"Amalume," anatero. "Eya, ndamva. Muli pa Kamwendo?" Anamvetsera. "Ayi, yendani. Ndili pamaliro." Anamvetseranso, ndipo mawu a amalumewo ankamveka pang'ono, okalipa. "A Mateyo. Simukuwadziwa inu. Ndi a kwathu kuno."

Anabweza foni ija m'mwamba osayang'ana woilandira, n'kuweramira khasu. Atalikweza linamupulumuka, poti zala zinali zitakana kufumbata. Analitolanso.

Maliko analavula kaudzu kaja n'kudzuka.

"Tuluka iwe, ukutionongera dzenje," anatero. "Taonani, lapindika ngati nthochi. A Mateyo anali munthu wowongoka, agona bwanji m'menemu?"

Anamukoka dzanja kumutulutsa, Maliko n'kudumphiramo. Adzukulu ena anatsatira, ndipo Maliko ali m'katimo anakuwira anyamata a pakoleji kuti, "Nanga inu mwabwera kudzajambula? Mafosholo awo!" Ine ndinakhala pansi pomwepo n'kulira, ndipo Luwiza atandifunsa ndinati ndikulira a Mateyo.

Mwambo unachitika dzuwa litapendeka. Bokosi linali la a ukalipentala athu, lopalidwa bwino. Itafika nthawi yotsitsa, adzukulu amene amalandira bokosi ali pansi anayamba kulowa m'dzenje, ndipo Maliko anacheuka kufunafuna m'gulu.

"Wa njinga uja ali kuti? Tsika. Wayamba ndiwe, ulandire ndiwe."

Kelvin anatsika. Ndinaona manja ake otupa aja akutuluka m'dzenje kulandira bokosi kumutu, ndipo sanalisiye mpaka linakhala pansi bwinobwino.

Anthu atabwerera pasiwa, a Lenard anamutengera kwa aNajere. Kelvin anagwada patali n'kupepesa. Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali ndi maso otupa.

"Ndiwe waphokoso uja?"

"Ndine, amayi."

"A Mateyo aja ankakusuzumira pampanda, n'kumabwera kudzandiuza kuti kamnyamata kaja kakuvutika chabe, chinjinga chija sichidzalira." Anapukuta m'maso ndi chitenje. "Ukanachiliza dzana, akanaseka. Pita ukasambe, mwana wanga."

Potuluka a Lenard anangomuuza kuti, "Mawa m'kalasi. Choyamba sailensa." Ife tonse tinapumira pansi.

Ndinapita naye pamjigo ndi kamchere komwe ndinapempha kwa amayi ophika. Anakhala pasimenti, manja atatambasula, ine n'kumamutsuka zilonda zija. Ndinkayembekezera kuti akuwa, kapena ayamba nthabwala zake, koma anangokhala duu. Mwendo uja sunkagwedera. Ndinamukalipira kuti ndi chitsiru, anavomera. Ndinati mawa sipana ndigwira ine, iye azikangoloza, anavomeranso.

"Tawina," anatero patapita nthawi, "bambo anga anali dalaivala. Anamwalira panjira, kutali, cha ku Congo uko, ine ndili wamng'ono. Thupi silinabwere. Anangotiuza kuti aikidwa komweko." Anayang'ana zikhatho zake. "Masiku onsewa ndimangoganiza ngati dzenje limapezeka lilipo kale. Koma kukumba n'kowawa chonchi, ndiye munthu wachilendo, wopanda m'bale... anawakumbira ndani?"

Ndinamugwira dzanja linalo n'kupitiriza kutsuka, iye akulira mosabisa nkhope.